Angotsikira Kudimba

Chaka chimene ananditumiza ku maphunziro ku Blantyre ndinabwerako ndili munthu wovuta kukhala naye. Maphunzirowo anali a masiku ochepa chabe, m'chipinda chozizira ngati m'firiji, koma ndinatsika minibasi pa Nsanje ndikuyenda ngati ndachokera kutsidya kwa nyanja. Ndinabwera ndi tisheti yoyera yolembedwa zachingerezi pachifuwa, kachikwama kansalu, ndi chiphunzitso chimodzi chimene ndinachigwira ndi manja awiri: zimene boma lasonkhanitsa kwa anthu ndi za anthu, choncho ziziikidwa poyera kuti aliyense aziona. Chiphunzitsocho n'chabwino, ndipo mpaka lero ndimachikhulupirira. Vuto linali mlaliki wake.

Ndinkalalikira paliponse, pa tiyi, pakhonde, ngakhale pamzere wa kubanki. Munthu akangotseka kabati ndi kiyi ndinkamufunsa kuti akubisamo chiyani. Anzanga a mu ofesi akandiona ndikubwera ankakodolana, wina n'kunena mokweza kuti, "Bisani makapu, akubwera a zonse poyera aja." Ine ndinkaseka nawo, ndikuganiza kuti akundiyamikira.

Ntchito yanga inali ya pakompyuta. Anthu akayenda m'midzi kufunsa mafunso, mayankho ankathera patebulo panga, ine n'kumawasanja. Kumudzi ntchito imeneyi sankaimvetsa, ndipo ndinasiya kalekale kuifotokoza. Amayi anga ankangouza anthu kuti mwana wawo ali ku boma. M'maganizo mwawo boma lonse linali chipinda chimodzi chachikulu, ine nditakhala pakati pake, mapepala onse a dziko akudutsa m'manja mwanga.

Amayi anabadwira tsidya lina la Shire, ku Mozambique, n'kudzakwatiwa kwa Nyachikadza, kumene madzi ali mbali zonse ndipo pofikako ndi pabwato. Ine ndinakulira komweko. Dothi lakumeneko silifuna kulipempha, mbatata imangobereka yokha, koma mtsinje ukakwiya umalowa m'nyumba osagogoda. Chaka china madzi atachita zoopsa, mabanja ambiri anapatsidwa malo kumtunda, kwa Ndamera. Amayi, amene panthawiyo anali atatsala okha bambo atamwalira, analandira nawo puloti yawo, yokhala ndi mtengo wa masawu pakona. Anamangapo kanyumba, ine ndinathandizako malata. Mawu amene ananenedwa popereka malowo anali omveka: malo ndi a munthu amene akukhalapo, wobwerera kumadzi malo ake apatsidwa wina.

Koma kumtunda kuli malo ogona, kulibe munda. Ndiye madzi akaphwa anthu amatsika. Amatsika kukabzala mbatata n'kubwerako madzulo. Kenaka amatsika kukapalira n'kugona komweko chifukwa chotopa. Kenaka mphasa imatsika, miphika imatsika, abakha amatsika, ndipo pomaliza kumtunda kumatsala nyumba ndi loko. Amakweranso mitambo ikayamba kuda, mtsinje ukasintha mtundu. Palibe amene angalole kutaya nyumba yakumtundayo, chifukwa ndi kumene amathawira, ndipo palibe amene angalole kusiya dimba, chifukwa ndi kumene kumachokera chakudya.

Choncho anthu anapeza njira yawo. Pakhomo pa munthu amene watsika sipamera udzu. Wapafupi amasesapo, amasonkhapo kamoto kuti phulusa lizioneka latsopano, nthawi zina amayanikapo chitenje pachingwe. Mlendo akafunsa kuti eni ake ali kuti, yankho ndi limodzi mudzi wonse: "Angotsikira kudimba." Si bodza, anatsikiradi kudimba. Kungoti palibe amene amafunsa kuti anatsika liti, chifukwa wofunsayo nayenso ali ndi m'bale wake kumunsi.

Munthu mmodzi yekha ndi amene ankandidetsa nkhawa pa malo a amayi: bambo anga aang'ono, mng'ono wawo wa malemu bambo. Si munthu woipa ayi, pamaliro a bambo anagwira ntchito kuposa tonse. Koma ali ndi ana aamuna ambiri amene anali kukwatira motsatizana, ndipo kwathu mkazi amabwera kwa mwamuna, ndiye aliyense ankafuna pomanga. Puloti ya amayi inali pafupi ndi yawo. Akamadutsa ankaiyeza ndi maso, kuyambira pamasawu mpaka pachimbudzi. Kukanena pakamwa kwa akomiti a malo kuti alamu awo sagona kumtunda sakanatha, chifukwa akomitiwo akanayamba kuyang'ana pansi, aliyense akukumbukira amayi ake. Koma pepala la boma likanakhala nkhani ina. Ndipo bambo aang'onowo amakonda mapepala. Amayenda ndi jumbo yodzaza makalata akale, ndipo akabwera ku boma amaima pabolodi yathu ya zidziwitso n'kuwerenga zonse, mpaka zoitanira makampani okonza milatho.

Zonsezi ndinkazidziwa bwino. Kungoti ndinkazisunga kumudzi, ndikafika mu ofesi ndinkakhala munthu wina.

Tsono kunachitika kafukufuku woona mmene mabanja osamutsidwawo akukhalira. Atsikana ena anayenda khomo ndi khomo, ena anawoloka pabwato, akufunsa mafunso n'kumalemba m'mafoni. Ankafunsa zaka za mwini khomo, kumene anabadwira, ziweto zimene ali nazo, ngati ali ndi bwato, kumene amagona masiku ambiri, komanso ngati pabanjapo pali wina wolandira malipiro a pamwezi ndi kumene amagwira ntchito. Mayankho anafika patebulo panga. Mzere uliwonse unali banja limodzi, danga lililonse linali funso limodzi. Akuluakulu anati zotsatirazo zimatidwe pabolodi komanso ziikidwe pa intaneti, koma zisanatuluke kakomiti kakhale pansi kaone ngati pali wina amene angavulale nazo.

Ine ndinaona kuti kakomitiko n'kongotayitsa nthawi. Ku Blantyre anatiphunzitsa kuti poteteza anthu umachotsa mayina, ndiye ndinasankha danga la mayina, n'kudina batani, mayina onse n'kuzimiririka. Ndinatsamira pampando ndikudzimva ngati ndapulumutsa chigwa chonse. Anatiphunzitsanso zina pambuyo pake, koma linali dzuwa litapendeka, titadya mpunga wa nkhuku, ndipo zikuoneka kuti gawo limenelo linandipeza ndikusinza.

Kakomitiko kanakumana m'nyengo yotentha, nthawi imene ku Nsanje ngakhale mbuzi zimasiya kudya n'kukabisala pansi pa ngolo. Fani ya m'chipindamo inkangozunguza mpweya wotentha womwewo. Tinalipo ochepa: abwana amene ankatsogolera, mayi wina wa zaumoyo, bambo wina wa zaulimi, ndi ine. Ndinavala tayi tsiku limenelo, m'kutentha konseko, chifukwa ndinkadziwa kuti ndilankhula.

Ndinalankhuladi. Ndinayatsa pulojekita, mizere ija n'kuonekera pakhoma, ndipo ndinati pano palibe choopa chifukwa palibe dzina la munthu ngakhale limodzi. Ndinati dziko likupita patsogolo. Ndinanenanso mawu ena achingerezi amene panopa sindingawabwereze popanda kuphimba kumaso.

Mayi wa zaumoyo uja, munthu wofatsa wolankhula ngati akuopa kudzutsa mwana, anakweza cholembera. "Achimwene, ndaona mwasiya mayina a midzi. Midzi ina ndi yaing'ono kwambiri."

"Ndasiya dala," ndinayankha. "Anthu ali ndi ufulu wodziwa za mudzi wawo. Mantha ngati amenewa ndi amene akutibwezera m'mbuyo, mayi."

Sananditsutse. Anangolemba kanthu pakapepala kake, ine n'kuona ngati ndapambana.

Abwana anati titsike ndi mizereyo pang'onopang'ono kuti tisadzanenedwe kuti sitinaione. Tinayamba. Bambo wa zaulimi uja, amene ankadzikupiza ndi fayilo uku maso akulemera, mwadzidzidzi anaseka.

"Aa, uyu ndikumudziwa," anatero akuloza khoma. "Mwamuna wachikulire, akazi awiri, ngolo, ng'ombe. M'mudzi umenewu ngolo ndi imodzi. Ameneyu anandithamangitsa ndi mpini tsiku la katemera wa ng'ombe."

Abwana anavala magalasi n'kuwerama. "Nanga uyu wapansiyu si mayi uja amatigulitsa mlamba wowamba Lachisanu? Mabwato awiri, alibe mwamuna. Ndi yemweyo."

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanakhala chete n'kuyamba kutuluka thukuta. Ine ayi. Kumene ankanenako ndi kwathu, ndipo sindikanalola kuti anthu obwera andipose podziwa anthu akwathu.

"Ayi bwana, mwaphonya," ndinalowerera. "Wogulitsa mlamba uja ali ndi nkhumba. Uyu alibe nkhumba, ndi mkulu wake, uja amatsogolera nyimbo kutchalitchi."

Msonkhano unasanduka masewera. Tulo tonse tinatha. Wina akatchula mzere, tonse tinkapikisana kunena mwini wake, ndipo ndikunena mosadzitama kuti ndinkapambana ndine. Ndinazindikira wokhoma mabwato, ndinazindikira mkulu wina amene anakwatira mkazi wamng'ono kuposa ana ake, ndinazindikira mpaka aphunzitsi anga akale opuma ntchito. Ndinkawomba m'manja, tayi ikuuluka. Ndinali kugwetsa ndekha ulaliki wanga wonse, ndikusekerera, osazindikira kanthu. Mayi wa zaumoyo yekha ndi amene sankaseka.

Chimene ndinaiwala n'chinthu chimene mwana aliyense wakwathu amachidziwa asanayambe sukulu. Kwathu munthu wamkulu satchulidwa dzina. Amakhala make a uje, bambo a uje, uja wa ngolo, uja wochokera tsidya, uja anagwidwa mwendo ndi ng'ona. Ungakhale m'mudzi moyo wako wonse osamva dzina la munthu amene mumatunga naye madzi. Ine dzina la amayi anga ndinalidziwa ndili wamkulu, nditaliona pachiphaso cha kuchipatala, ndipo ndinachita manyazi ngati ndawapeza akusamba. Ndiye ine katswiri ndinafufuta chinthu chokhacho chimene kwathu palibe amene amachigwiritsa ntchito, n'kusiya zonse zimene timadziwirana nazo.

Ndinatsitsanso mizere, ndikuyembekezera kupambananso. Ndinayamba kuwerenga mokweza, mwa nthabwala, ngati muulutsi wa pawailesi.

"Mkazi, wachikulire, wamasiye. Anabadwira ku Mozambique. Abakha, bwato limodzi. Nyumba kumtunda ilipo. Kumene amagona masiku ambiri..."

Danga limenelo linati kudimba. Danga lotsatira, la wolandira malipiro a pamwezi, linati alipo, mwana wamwamuna, amagwira ntchito ku boma.

M'mudzi umenewo mwana wogwira ntchito ku boma ndi mmodzi, ndipo anali ataima pamenepo atavala tayi, chala chili pabatani.

Bambo wa zaulimi anayamba kuyang'ana fayilo yake ngati mwalembedwa zachilendo. Abwana anavula magalasi. Ine m'maganizo ndinaona bolodi yathu ya panja, ndinaona bambo aang'ono ataima pamenepo ndi jumbo yawo, milomo ikugwedera powerenga, chala chikutsika mpaka kuima pa mzere umenewo. Ndinaona pepala lokhala ndi chidindo cha boma likuikidwa patebulo la akomiti a malo. Ndinaona amayi akukwera kuchokera kumadzi mvula itakula, katundu ali pamutu, n'kupeza mwana wa bambo aang'ono akuumba njerwa pansi pa masawu. Ndipo chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti amasiye a abakha ochokera tsidya alipo angapo m'mudzimo, akanatha kusokonezana. Chowaloza amayi anga pakati pa onsewo ndinali ine, ndi ntchito yanga imene ankainyadira.

"Mwina tipume kaye," anatero mayi wa zaumoyo, motsitsa mawu.

Sindinapume. Ndinayamba ulaliki wachiwiri, wotsutsa woyamba uja, ndipo ndinaulalikira ndi mphamvu zomwezo. Ndinati zinthu izi n'zoopsa. Ndinati tisathamange, anthu akumudzi ndi osatetezeka. Ndinati mwina kafukufuku yenseyu atsekeredwe m'kabati, kiyi asunge abwana. Ndine yemwe uja ndinkafunsa anthu chimene akubisa m'makabati.

Bambo wa zaulimi analephera kudzigwira. "Achimwene, nanga dziko lija lasiya kupita patsogolo?"

Abwana anamuletsa ndi dzanja, koma nawonso pakamwa pankagwedera. Kenaka anandiuza modekha kuti popeza nkhaniyi yandikhudza, ndibwino ndidikire panja iwo akambirane. Ndinatuluka ngati mwana wasukulu wochotsedwa m'kalasi.

Ndinakakhala pabenchi pansi pa mtengo wa nimu, moyang'anizana ndi bolodi ija. Zaka zonsezi ndinkamatapo mapepala koma ndinali ndisanakhalepo pansi kuona amene amawerenga. Anabwera wakabaza, anawerenga njinga ili m'manja. Anabwera mayi wina ndi mwana kumsana, anajambula pepala lina ndi foni. Anabwera mkulu wina amene sankaona bwino, n'kupempha mnzake kuti amuwerengere mokweza, anthu ena n'kuima kumvetsera. Ndinkati tikamata pepala talipereka kwa anthu, koma anthuwo m'mutu mwanga analibe nkhope. Pabenchipo ndinaona kuti wina ndi mlamu wa wina, wina ndi wopikisana naye malire, wina ndi mkazi wamkulu wa mwamuna uja wa ngolo.

Maganizo ena anandibwerera ndili pomwepo, ndipo sanali oyera. Fayilo inali pakompyuta yanga. Kusintha mawu amodzi, kudimba kukhale kumtunda, sikukanatenga nthawi. Ndikanakonda kunena kuti chikumbumtima chinandiletsa. Chinathandizako, koma chinathandizidwa kwambiri ndi kukumbukira kuti mayi wa zaumoyo uja ndinamutumizira kale fayilo yomweyo, ndipo ndi munthu amene amawerenga zinthu.

Atandiitana, abwana anandiuza zimene anagwirizana. Mizere ya mabanja sidzatuluka. Mayina a midzi achotsedwe, mabanja aphatikizidwe m'madera aakulu, kuti pasaoneke khomo la munthu. Danga la kobadwira ndi la wogwira ntchito asatuluke n'komwe. Koma chinthu chimodzi anati chituluke ndithu: choti mabanja ambiri osamutsidwa amabwerera kumunsi, ndi chifukwa chake, choti kumtunda kulibe minda ndipo mjigo uli kutali.

"Chimenecho ndiye chifukwa chake tinafunsa anthuwa," anatero abwana. "Tikachibisa, amene angathandize adzaganiza kuti zonse zili bwino."

Ndinafuna kutsutsa, chifukwa ngakhale zitaphatikizidwa chotero, wina akanatha kunena kuti tiyeni tikayendere nyumba zakumtunda tione ogonamo. Chiopsezocho sichinathe, chinangochepa. Koma ndinadziwa kuti akunena zoona, ndipo ndinalibenso nkhope yolalikira kachitatu tsiku limodzi. Mayi wa zaumoyo ananditsalira potuluka n'kundipatsa kapepala kake kaja kuti ndikagwiritse ntchito pokonza. Sananene chilichonse chondikumbutsa mawu anga aja a mantha obwezera m'mbuyo, ndipo kusanenako kunandiwawa kuposa kunyozedwa.

Loweruka lotsatira ndinapita kumudzi. Ndinakwera kabaza mpaka padooko, n'kuwoloka pabwato pakati pa mabango, nditakumbatira nsapato. Ndinavala tisheti ya ku Blantyre ija, osati mwadala, inali yokhayo yochapa. Ndinali ndi mkwiyo, ndipo popeza munthu sakonda kudzikwiyira yekha nthawi yaitali, ndinaupezera kolowera. Ndinaganiza kuti olakwa ndi amayi. Mudzi wonse umadziwa yankho lopatsa mlendo, iwo anayankhiranji zoona?

Ndinawapeza akukumba mbatata, abakha akuwatsatira m'mbuyo. Anaweramuka, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi amatope, n'kundifunsa m'chilankhulo chawo cha tsidya.

"Mwananga, wabwera na nkhope yakuipa. Ninji, chavuta n'chiyani?"

Tinakhala pamphasa kuseri kwa chisakasa chawo. Ndinawafunsa ngati akukumbukira mtsikana wina wa foni amene anabwera ndi mafunso. Anati akumukumbukira, anali waulemu, anamupatsa mbatata yowotcha.

"Ndiye Mama, atakufunsani kumene mumagona, munamuuza kuti kuno?"

"Inde."

"Bwanji simunanene zimene anthu onse amanena? Mukudziwa kuti mapepala amenewa amayenda. Bambo aang'ono akanawaona, malo aja akanapita."

Mawu anga anakwera kuposa mmene mwana ayenera kulankhulira kwa make, ndipo bakha wina anathawa. Amayi sanakwiye. Anandiyang'ana modabwa, ngati ndafunsa chinthu chimene yankho lake ndi lodziwikiratu.

"Ndinamufunsa kuti pepalalo likupita kupi. Iye analonga kuti ku boma." Anapukuta manja pachitenje. "Ku boma kuli iwe. Ine kumunamiza mwana wanga nkhabe, sindingatero."

Ndinayang'ana madzi, ndinayang'ana mabango. Iwo anapereka chinsinsi chawo m'manja mwanga podzera kwa mtsikana wa foni, ali ndi mtima umodzi kuti chafika pabwino. Ine ndinatsala pang'ono kuchimata pabolodi ndi guluu, nditavala tayi. Ndipo ena onse aja, wa ngolo, wa mabwato awiri, aphunzitsi anga, amene analibe mwana ku boma woti aone mzere wawo n'kuchita mantha, nawonso anayankha zoona pokhulupirira kuti kumeneko kuli munthu.

Sindinawauze zimene zinachitika mumsonkhano. Ndinangoti pepalalo linafika, ndipo lasungidwa bwino.

"Pyadidi, zili bwino," anatero, ngati sankayembekezera yankho lina. Kenaka anasintha nkhani, anandidandaulira za mvuu imene inkawadyera chimanga, anandifunsa chifukwa chimene mkazi wanga sakunenepa, n'kundidzazira mbatata m'thumba loti munthu mmodzi sanganyamule.

Ndikutsanzika, anamasula kiyi pakona ya chitenje. Anati mayi woyandikana nawo kumtunda, amene amawasesera pakhomo, wapita kukadwazika mwana kuchipatala, ndipo pakhomo payenera kuti pachita zinyalala. Popeza ndikudutsa komweko, ndikasese, ndikasonkhenso kamoto.

"Ukamaliza usayendepo na nsapato zako za ku ofesizo," anawonjezera. "Kuseri kwa chitseko kuli patapata wanga. Uvale ameneyo, uyende kuchoka pakhomo kufika pamafuwa, ubwerere. Anthu amaona mapazi."

Ndinafika kumtunda dzuwa likadali lamphamvu. Pakhomo panalidi masamba a masawu ndi ndowe za mbuzi. Ndinatsekula loko, m'nyumba munkanunkha fumbi ndi malata otentha. Ndinatenga tsache lija lalifupi, loti posesa uyenera kuwerama ngati ukupepesa, n'kuyamba ntchito. Ndinasonkha kamoto ka mapesi pamafuwa. Kenaka ndinavula nsapato n'kuvala patapata wa amayi, zidendene zanga zikulendewera kunja, n'kuyamba kuyenda timasitepe tating'ono kuchoka pakhomo kupita pamafuwa.

Ndili pakati pa ulendo wachiwiri ndinamva kutsokomola. Anali bambo aang'ono, ataima m'malire, jumbo yawo ili kukhwapa. Tinapatsana moni, ndinawafunsa za kunyumba, anandifunsa za ku boma. Maso awo anayenda pa tsache, pa utsi, pa mapazi anga, n'kudzaima pachifuwa panga. Monga mwa chizolowezi chawo anayamba kuwerenga zolembedwa patisheti ija, milomo ikugwedera pang'onopang'ono, mpaka anamaliza mawu onse onena za kuika zinthu poyera.

"Alamu alipo?" anafunsa.

"Angotsikira kudimba, bambo."

Anagwedeza mutu. Iwo ankadziwa, ine ndinkadziwa kuti akudziwa, ndipo m'jumbo mwawo munalibe pepala lonena zimenezo. Anayang'ananso mtengo wa masawu kanthawi, n'kusintha jumbo kuiika kukhwapa linalo.

"Akabwera uwauze kuti ndinadutsa."

Ndinati ndiwauza. Atapita ndinamaliza ulendo wanga wopita pamafuwa, n'kubwerera pakhomo mosamala, kuti mapazi a amayi aoneke bwino.